Za makapu a Dynamos, muyambire pati kuwerenga?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake a DeMbare (Dynamos) ndi a Bosso (Highlanders), matimu a mpira a ku Zimbabwe, sagwirizana pa chiwerengero cha makapu a ligi a Dynamos. Vuto ndi poyambira. Mukayambira 1963, nthawi ya Rhodesia, Dynamos ili ndi asanu ufulu usanabwere mu 1980: 1963, 1965, 1970, 1976 ndi 1978. Awa ndiwo a Highlanders amawakana, ati inali ligi ya atsamunda. Koma mpira unaseweredwa ndithu. Mukayambira 1980, alipo 16. Mukangowerenga a PSL (Premier Soccer League), ligi yaikulu ya ku Zimbabwe yomwe inayamba mu 1993, atsala asanu ndi atatu, ndipo anayi otsatizana, 2011 mpaka 2014, ndi a mphunzitsi Kalisto Pasuwa, yemwe uja anadzapita ku Bullets. Mkangano ukabukanso ku bwalo la Rufaro ku Harare, muwafunse kaye chaka chomwe akuyambira.