Nyumba ya lendi pafupi ndi sukulu ku Nchalo: funsani kaye pomwe madzi amafika

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti akusamukira ku Nchalo pa ntchito, ndipo mwana wawo wamkazi akuyamba Fomu 1 pasekondale yoyendera. Akufunsa momwe angapezere nyumba ya lendi pafupi ndi sukuluyo.

Mayi, kukhala pafupi ndi sukulu n'kofunikadi. Kuno kuchigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo mwana woweruka masana n'kuyenda mtunda wautali amafika pakhomo alibenso mphamvu yogwira kope. Kabaza wa tsiku ndi tsiku nayenso amadya ndalama. Koma ine ndingakonde kuti mwanayo aziyenda pang'ono kuchokera pamalo okwera kusiyana n'kugona m'dambo poyang'anana ndi geti la sukulu.

Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, nthawi yomwe paliponse pali gwa, ndiye malo onse amaoneka abwino. Musanyengeke nazo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adamiza minda ya nzimbe ya Illovo, adadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, n'kuononganso malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023 kudabweranso namondwe wina, wa Freddy. Mukalowa m'nyumba iliyonse, yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wamatope kapena pulasitala watsopano wolekezera m'mawondo. Onani ngati maziko adakwezedwa, komanso ngati njerwa zake ndi zootcha kapena zidina. Funso loti madzi adafika pati musawafunse eni nyumba okha, poti iwo akufuna wolowa. Funsani amayi a pamjigo ndi anyamata a kabaza. Afunseninso ngati njira ya kusukulu siduka mvula ikagwa kumapiri, chifukwa kuno madzi amatha kusefukira ngakhale pamalopo pasadagwe dontho.

Madzi akumwa muwalawe nokha. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo mukalowa osadziwa mudzayamba kugula zigubu. Nyumba yamalata ofupika, yopanda siling'i ndi mawindo okwanira, isiyeni ngakhale itatchipa. Ngati mita ya ESCOM ndi yogawana, mugwirizane msanga za kagulidwe ka mayunitsi.

Posaka, yambirani kwa aphunzitsi a pasukulupo ndi anzanu a kuntchito, chifukwa amadziwa nyumba zomwe zikutsala anthu asadamve. Nyengo yodula nzimbe anthu amachuluka ku Nchalo, choncho musadikire sabata yotsegulira. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu poyamba. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene wangokuonetsani chithunzi pa Facebook. Kaoneni nyumbayo, mulemberane pepala, pakhale mboni.

Poti mwanayo ndi wamkazi, mukapiteko madzulonso. Mukaone ngati pafupi pali mabala, ngati chimbudzi ndi bafa zili ndi zitseko zotsekeka, komanso anthu omwe mudzakhale nawo mumpanda umodzi.