Kwa mayi a ku Bvumbwe amene afunsa za G6 P5 pa katemera wa ng'ombe

Mayi, ndaona funso lanu. Mwati tiana tiwiri ta ng'ombe tatsegula m'mimba tisanathe sabata ziwiri, ndipo mwana wanu wakutumizirani chithunzi cha katemera cholembedwa kuti rotavirus G6 P5. Ndiye mukufunsa kuti manambalawa ndi a chiyani, komanso ngati ali matenda omwe aja timabayitsa ana kusikelo. Pepani ndi za m'kholamo. Nanenso ndimaweta za mkaka kuno ku Thyolo, ndipo ndowe zamadzi zachikasu zija, zomata kumchira mpaka ubweya kusosoka, ndimazidziwa bwino.

Manambalawo si mlingo wa mankhwala ayi. Ndi dzina la kachilomboko.

Rotavirus ndi fuko lalikulu. Dzinali linachokera ku mawu a Chilatini akuti rota, kutanthauza gudumu, chifukwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kamaoneka ngati wilo. Chodabwitsa n'choti kanayamba kudziwika mwa ng'ombe kasanapezeke mwa anthu: katswiri wa ziweto Mebus ndi anzake anakapeza mwa ana a ng'ombe ku Nebraska, ku America, mu 1969, pomwe Ruth Bishop anakapeza mwa ana a anthu ku Melbourne, ku Australia, mu 1973. Fukoli analigawa m'magulu A, B, C mpaka kutsogolo, poyang'ana chikopa cha pakati chomwe amati VP6. Amene amatisautsa kwambiri m'makola ndi a gulu A.

Tsono m'gulu A momwemo ndi momwe muli G ndi P. Kachilomboka kavala chovala chakunja, ndipo pachovalapo pali timinga tomwe kamagwirira matumbo. Chovalacho ndi VP7, mtundu wake amaulemba ndi G. Timingato ndi VP4, mtundu wake ndi P. Choncho G6P[5] ndiye kuti chovala cha mtundu wa 6, minga ya mtundu wa 5, monga momwe munthu amakhalira ndi dzina ndi mfunda. Mwa ng'ombe, zovala zofala ndi G6, G10 ndi G8, pomwe minga ndi P[1], P[5] ndi P[11]. Zimakonda kuyenda ziwiriziwiri: G6P[5], G10P[11], komanso G6P[1], yemwe ndi uja wa ku Nebraska. Ndi maso simungazisiyanitse. Ndowe ndi zomwezo, fungo ndi lomwelo. Pamafunika kupita nazo ku labotale kuti akaziyeze ndi njira yoyezera chibadwa cha kachilombo yotchedwa PCR.

Nanga akatswiri amavutikiranji kuwerenga zonsezi? Chifukwa chitetezo cha m'thupi chimazindikira mdani ndi chovala ndi minga yomweyo. Ng'ombe yobayidwa G6 imateteza mwana wake bwino kwa G6, koma kwa G10 chitetezocho chitha kuperewera. N'chifukwa chake akatemera ena amaphatikiza G6 ndi G10 m'botolo limodzi.

Pali chinanso chomwe chimandisangalatsa ine. M'kati mwa kachilomboka, malangizo a chibadwa chake sali chingwe chimodzi, ali m'zidutswa 11. Mitundu iwiri ikalowa m'matumbo a mwana mmodzi wa ng'ombe, zimakhala ngati amayi awiri ayanika zochapa pa thanthwe limodzi kumtsinje, ndipo poanula wina watenga chitenje cha mnzake. Kamatuluka kachilombo ka chovala cha uyu, minga ya uyo. Poona kuti G ndi P zokha sizifotokoza zonse, mu 2008 akatswiri anagwirizana zopatsa dzina chidutswa chilichonse mwa 11 zija. Dzina lathunthu ndi lalitali ngati nambala ya chiphaso, koma limaulula kuti mbali iyi inachokera kwa ng'ombe, iyi kwa nkhumba, iyi kwa munthu.

Apa ndi pamene funso lanu la kusikelo likulowera. Katemera wa Rotarix, yemwe dziko lathu linayamba kupatsa ana mu Okutobala 2012, anapangidwa kuchokera ku mtundu wa anthu wa G1P[8], ndipo ndi wodonthezera m'kamwa, si wobaya. Ndi fuko limodzi ndi za ng'ombezi, koma ameneyo ndi wa ana athu, si wa m'khola. Komabe malirewo si a mpanda wa njerwa. Ofufuza ku chipatala cha Queens ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 1997, anapeza G8 wambiri mwa ana otsegula m'mimba, chikhalirecho G8 amadziwika kuti kwawo n'kwa ng'ombe. Ndiye mukachoka kokolopa m'khola, sambani ndi sopo musanagwire khanda kapena ndowa ya mkaka wopita ku bulking group, kosonkhanitsira mkaka.

Katemera wa pachithunziyo sabaya mwana wodwala. Amabaya make ali ndi bere, kutatsala sabata zapakati pa 12 ndi 3 kuti aswe, ndipo chitetezo chimadzera mu mkaka woyamba wachikasu uja. Mwana akapanda kuumwa mokwanira m'maola 6 oyamba, ndalama ya katemera yapita pachabe. Wa makilo 30 amafunika pafupifupi malita 3. Ine ndinataya kamsoti chifukwa make anaswa usiku kukugwa chiperoni, ndipo ndinati ndikaona kukacha.

Za tiwiri tanuto, akhale G6 kapena G10, chithandizo n'chimodzi. Kachilomboka kamakokolola timinofu ta m'matumbo tomwe timayamwa chakudya, ndiye chomwe chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Jakisoni wa oxytetracycline, wolimbana ndi mabakiteriya, sapha kachilomboka. Muzitimwetsa madzi a mchere ndi shuga onga Thanzi pakati pa nthawi zoyamwa, malita osati makapu, ndipo mkaka musatimane. Tipatuleni pamalo pouma, poyala udzu watsopano. Tsinani khungu la pakhosi: likachedwa kubwerera, maso n'kulowa m'kati, mwana n'kusiya kuyamwa chala, itanani alangizi a ziweto lero lomwe. Muwauze tsiku lenileni lomwe kalikonse kanabadwa, poti kutsegula kwa m'masiku anayi oyamba nthawi zambiri kumakhala kwa bakiteriya wotchedwa E. coli, pomwe rotavirus ndi tizilombo tina monga coronavirus ndi cryptosporidium zimakonda sabata yoyamba mpaka yachitatu.