Pulagi yathyokera mu injini ya Hilux: yankho kwa bambo a ku Ulongwe

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Ulongwe, m'boma la Angonia, amene amanyamula mbatatesi ndi kabichi kukagulitsa ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Galimoto yawo ndi Toyota Hilux ya petulo, ya injini ya 3RZ-FE ya malita 2.7. Iwo alemba kuti galimotoyo inayamba kudukiza pokwera zitunda, ndipo atati asinthe mapulagi, atatu anatuluka bwinobwino koma yachinayi inakana. Atalumikiza paipi ku sipanala kuti apeze mphamvu anangomva kuti thyo, mutu wa pulagi n'kutuluka ndi soketi, gawo la mazinga n'kutsala mkati. Mnzawo wina akuwauza kuti akhomeremo bawuti n'kuzungulitsa, wina akuti agwetse hedi (chigawo chapamwamba cha injini, momwe mumamangidwa mapulagi), ndiye akufunsa kuti amvere uti.

Bambo, choyamba musailize injiniyo ngakhale pang'ono, ndipo chotsani waya wa batire. Chitsulo chatsalamocho chili phee pamalo pake ndipo sichikuwononga kanthu. Chimene chingakupweteketseni ndi tizidutswa togwera mu silinda, makamaka ta gawo loyera lija la pulagi, limene ndi dothi lowotcha lolimba kwambiri. Kachidutswa kake kakangogwera pamwamba pa pisitoni injini n'kuzungulira, kamakanda khoma la silinda, kamaboola pamwamba pa pisitoni, mwinanso kukanirira pa valavu. Choncho tengani mutu umene wathyokawo muuyang'ane bwino padzuwa. Ngati gawo loyeralo latuluka lathunthu mpaka kunsonga, muli ndi mwayi, chifukwa chatsala ndi chibowo cha chitsulo chokhala ndi mazinga kunja kwake. Ngati latuluka lobenthuka, unikani ndi tochi m'dzenje la pulagi, ndipo chimene chatsalira muchikoke ndi pulayala yamlomo wautali. Musachigogodere mkati. Maginito sangakuthandizeni pa dothi limeneli, chifukwa amangogwira chitsulo.

Muyenera kudziwa chifukwa chimene pulagi imakanirira, popeza chifukwacho n'chimene chikuuzeni kagwiridwe ka ntchito. Hedi ya injini yanu ndi ya aluminiyamu pomwe thupi la pulagi ndi lachitsulo, ndipo zinthu ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana: aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pulagi ikakhalitsa zaka osamasulidwa, ikutentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku, mazinga ake amagwirana ndi a hedi. Kunsonga kwake, mkati mwa silinda, kumamata mwaye wouma umene umachuluka galimoto ikamadya oyilo kapena ikamamwa petulo wakuda, ndipo ena mwa petulo wa m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu kumidzi sakhala wosefa bwino. Kumwamba nako madzi otsukira injini amadikha m'dzenje la pulagi, lomwe pa injini imeneyi ndi lakuya, n'kubala dzimbiri. Tsono pansi penipeni pa mutu wa pulagi chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo paipi imene munalumikiza ija inapereka mphamvu yonse pamalo ofookawo.

Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti akunena za injini ya Ford ya malita 5.4 yotchedwa Triton, ya m'magalimoto a F-150 a zaka za 2004 mpaka 2008, imene mapulagi ake anali a zigawo ziwiri ndipo ankaduka mwanjira yakeyake. Chipangizo chozulira mapulagi amenewo, monga Lisle 65600, sichigwira pa Toyota, ndiye musataye ndalama kuchiitanitsa ku Johannesburg.

Maganizo okhomera bawuti ndikuwakana. Chibowo chatsalacho n'chopyapyala, ndipo chilichonse chimene mungakhomeremo mwamphamvu chimachifutukula, n'kuchikanikiza kwambiri ku mazinga a hedi. Mungaone ngati bawutiyo yagwira, koma mwangowonjezera kulimba kwa chinthu chimene mukufuna kumasula. Pa chifukwa chomwechi sindikonda extractor (chida chozulira chitsulo chothyokera m'bowo) yopota ija yonga nsonga ya sikuluwu, chifukwa mukamaizungulitsa imalowa mozama n'kumatambasula chitsulo. Funani extractor ya ngodya zinayi kapena ya mizere yowongoka, imene imaluma m'mbali mwa chibowo popanda kuchitupitsa. Mazinga a pulagi yanu ndi a mamilimita 14, choncho tengani mutu wothyokawo popita kogula kuti muyezere pomwepo kukula kwa bowo.

Musanagwire chida chilichonse, injini ikhale yozizira, ndipo muuzire m'dzenjemo mpweya wa kompuresa kuti fumbi ndi mchenga zituluke. Ngati gawo loyera lija linatuluka ndipo bowo likuloza mu silinda, muyambe mwachotsa fumbilo ndi kansalu kopaka girizi pansonga ya waya, kuti musalikankhire mkati. Kenako chotsani chivundikiro cha pamwamba pa injini kuti muziona makamu (zitsulo zozungulira zimene zimatsegula mavalavu), muzungulitse injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo mpaka mavalavu onse a silinda imeneyo atatsekeka, pisitoni itatsikako pansi. Mukatero zinyalala sizingalowe m'njira za mpweya, ndipo nsonga ya chida chanu singagunde pisitoni. Thirani mafuta omasulira dzimbiri mozungulira chibowocho, pang'ono pokha, muwasiye usiku wonse, m'mawa muthirenso. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa mbatatesi zili m'matumba ndipo mtima uli ku msika, koma mafutawo amalowa m'mazinga pang'onopang'ono ndipo mphindi khumi sizingakwane.

Ikani extractor mowongoka, muigogode mopepuka ndi hamala yaing'ono kungoti ilume. Gwiritsani chogwirira chokhala ngati chilembo T kuti manja onse awiri akoke mofanana, chifukwa sipanala yokokera mbali imodzi imapendeketsa chida. Zungulitsani kumanzere ndi mphamvu yokwera pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa. Chikangosuntha, ngakhale pang'ono ngati utali wa chikhadabo, imani, muthire mafuta, mubwezere kumanja, kenako kumanzerenso. Kupita ndi kubwerera kumeneku kumaphwanya mwaye wa kunsonga m'malo moukokera m'mazinga a aluminiyamu, momwe ungawadye onse. Chikamalira kuti kwee, kwee potuluka musadabwe, bola chikhale chikuyenda.

Koma mvetserani zimene manja anu akukuuzani. Mukamva extractor ikupindika ngati sipuling'i, chibowo chili chiimire, lekani pomwepo. Chida chimenechi n'chachitsulo chowumitsidwa, sichipirira kupindidwa, ndipo chikathyokera mkati dirilo wamba sangachiboole. Ntchito imene ikanatha ndi gasiketi imodzi imafika pofuna makina apadera kapena hedi ina. Amakaniko ena amawotcherera nati pachitsulo chotsalacho, ndipo pa injini zimene pulagi yake ili poonekera njirayi imagwira, popeza kutentha kwake kumamasulanso dzimbiri. Pa 3RZ-FE sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa dzenje ndi lakuya ndi lopapatiza, nthethe zimagwera mu silinda, ndipo pali petulo ndi kompyuta ya injini pafupi.

Chikakana mutayesa modekha masiku awiri, mnzanu wachiwiri uja ndiye akunena zoona: gwetsani hedi. Musaone ngati mwagonja. Hedi ikakhala pa tebulo, katswiri wa makina osemera zitsulo amachiboola mowongoka akuona mbali zonse ziwiri, ndipo palibe kachitsulo kogwera pa pisitoni. Ngati ku Ulongwe simupeza wokhala ndi makina otero, inyamuleni hediyo kupita nayo ku Tete, n'kupempha kuti ayezenso ngati ili yosapindika. Pobwezera pamafunika gasiketi yatsopano, mabawuti amangidwe motsatira ndondomeko ya m'buku la Toyota, ndipo tcheni cha taimingi chibwerere pa zizindikiro zake. Gulani gasiketi yodalirika, chifukwa galimoto yodzaza katundu yokwera kuchokera m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, siichedwa kupsereza gasiketi yotchipa.

Chikatuluka hedi ili pomwepo, unikani mazinga. Akakhala kuti angoda, pititsanimo chida choyeretsera mazinga cha M14 x 1.25 mutachipaka girizi wambiri kuti tizitsulo timatirire pamenepo, ndipo muzichitulutsa kawirikawiri n'kuchipukuta. Akakhala kuti adyeka, amaikamo mazinga atsopano achitsulo, a Helicoil kapena Time-Sert. Ine ndimakonda Time-Sert chifukwa ndi chibowo chathunthu chimene sichingatuluke mosavuta pamodzi ndi pulagi tsiku lina. Mukatha, uziranimo mpweya, muchotse fyuzi ya EFI kuti petulo asapope, muzungulitse injini ndi sitata kwa masekondi ochepa mapulagi onse ali kunja, kuti mafuta omasulira aja atuluke. Mafuta akachuluka mu silinda pisitoni singawapanikize, ndipo chimapindika ndi chitsulo choigwira. Sinthaninso oyilo wa injini.

Pomanga mapulagi atsopano, yambani ndi zala, pogwiritsa kapaipi ka labala kovekedwa kumutu kwa pulagi, kuti ikalowa mopendekera muzindikire mazinga asanawonongeke. Ikafika pansi, pulagi yatsopano ya mamilimita 14 yokhala ndi washala imafuna theka la kuzungulira kapena kupitirira pang'ono, ndipo ngati muli ndi sipanala yoyeza mphamvu tsatirani nambala ya m'buku la galimoto. Kampani ya NGK imaletsa kupaka girizi pa mazinga a mapulagi ake onyezimira, chifukwa amatuluka atakutidwa kale ndipo girizi amachititsa munthu kumanga mopyola muyezo. Onaninso timalabala ta chivundikiro totchinga maenje a mapulagi. Ngati mwapeza oyilo m'dzenje lililonse, tisintheni tonse musanabwezere chivundikirocho.