Nyimbo ya Atate Ikukana Kutuluka m'Gitala Yawo

Owerenga wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, watumiza imelo. Atate ake anagwirapo ntchito ku mgodi ku Luanshya, ndipo popuma ntchito anabwerera kumudzi ndi gitala. Anatisiya chaka chatha. Panali nyimbo imodzi imene ankaimba madzulo pakhonde, ndipo iye akufuna kudzaiimba pa tsiku loika mwala pamanda. Mawu akuwakumbukira onse, makodi atatu (magwiridwe a nsambo zingapo zolira pamodzi) anawaphunzira pafoni, koma akangoyamba amayi amapukusa mutu n'kunena kuti, "Si imeneyo." Funso lake n'lakuti: cholakwa ndi gitala kapena manja? Wafunsanso kuti gitala inachokera kuti, poti kwathu kuno inazolowera ngati inabadwira konkuno.

Pepani ndi maliro, achimwene. Amayi akunena zoona, ndipo sikuti manja anu ndi olephera. Chimene khutu lawo linasunga si makodi ayi, koma kakodoledwe ka nsambo, kukwera kwa mawu ndi kayendedwe ka chala chachikulu. Mbiri imene mwafunsayo ndiyo ikuonetsani kumene kaimbidwe ka atatewo kanachokera.

Gitala ya nsambo 6 inakhazikika ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Thupi lalikulu lokhala ndi chiuno limene tikulidziwali analikonza ndi mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, cha m'ma 1850, ndipo nsambo zake zinali za matumbo a nkhosa. Za nayiloni zinabwera nkhondo yachiwiri itatha. Ku America amisiri monga a kampani ya Martin anapingasa timitengo ta m'kati mwa thupi, ndipo kalimbitsidwe kameneko ndiko kanadzapirira nsambo zachitsulo zolira kwambiri. Ya magetsi inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Stratocaster ya Fender n'kubwera mu 1954.

Kwathu kuno gitala inafika pamsana pa anthu a paulendo. Amuna ochokera ku Fort Jameson (Chipata ya lero), Katete, Petauke ndi Lundazi ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero), ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa, ndipo pobwerera ankanyamula njinga, galamafoni, ena gitala. M'makomboni a ku migodi, ku Katanga m'dziko la Congo ndi ku Copperbelt, anthu amene manja awo anakulira pa kalimba ndi pa banjo ya chigubu sanaigwire gitala ngati azungu. Ankaimba ndi zala ziwiri zokha za dzanja lamanja, chachikulu ndi chamkombaphala, mnzawo akugogoda botolo ndi msomali kapena mpeni. Mu 1952 Hugh Tracey, wojambula nyimbo za mu Africa, anajambula woimba gitala Jean Bosco Mwenda ku Jadotville, ku Katanga, kumene lero ndi ku Likasi, ndipo kaimbidwe kameneko kanafalikira dera lonse. Ku Lusaka Alick Nkhata ankaimba pa wailesi ya Central African Broadcasting Service, anthu akumvera pa tiwailesi totsika mtengo ta Saucepan Special timene tinayamba kugulitsidwa mu 1949. Tsidya la Mchinji, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatchuka ndi kaimbidwe kawokawo. Zamrock ya Paul Ngozi, WITCH ndi Rikki Ililonga inabwera m'ma 1970 ndi magitala a magetsi, kalindula ya PK Chishala ndi Amayenge n'kutsatira. Munthu amene anaphunzirira gitala ya bokosi m'komboni ya ku Luanshya, n'zachidziwikire kuti anali wa zala ziwiri zija. Inu mukukwapula nsambo zonse pamodzi monga amaphunzitsira pafoni, n'chifukwa chake amayi akuikana.

Musanayambe kuphunzitsa zala, yang'anani gitalayo, ndipo choyamba dziwani kuti inapangidwira nsambo zotani. Ngati khosi ndi lotambalala, pafupifupi mamilimita 52 kumutu, nsambo zimamangidwa mfundo pa buliji (kathabwa komatidwa pamimba pa gitala), ndipo zopotera zake zili ndi timigolo tonenepa toyera, imeneyo ndi ya nayiloni. Ngati khosi ndi lopyapyala, cha m'ma 43, ndipo nsambo zimatsekedwa ndi tizikhomo kapena zimakoleka pa kachitsulo kumunsi kwa thupi, ndi ya mawaya. Apa ndi pamene magitala ambiri akale amafera. Nsambo za nayiloni zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40, za chitsulo zimatha kupitirira 70. Mukaika mawaya pa gitala ya nayiloni, buliji imayamba kudzuka, thabwa la pamwamba limatupa kumbuyo kwake, khosi n'kupindika. Ngakhale pa ya mawaya imene yakalamba, gulani opyapyala, amene paketi yake yalembedwa 10, osati 12 kapena 13.

Kenako tengani lula. Pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi, towerengedwa kuchokera kumutu) yezani mpata kuchokera pamwamba pa kachitsulo kufika pansi pa nsambo. Pa gitala ya mawaya, nsambo yonenepa ikhale mamilimita 2.5 mpaka 3, yopyapyala pafupifupi 2. Pa ya nayiloni 4 ndi 3 n'zabwinobwino. Mpata ukafika 5 kapena 6, zala zimapweteka, ndipo pokanikiza nsambo imatamuka n'kukweza mawu, choncho kodi imamveka yopotoka ngakhale mwatchuna bwino. Lowetsaninso kapepala kunsi kwa buliji cha kumbuyo. Kakalowa, masulani nsambo zonse lero lomwe. Buliji iyenera kuchotsedwa, guluu wakale apalidwe mpaka thabwa lioneke, amate ndi guluu wa akalipentala, n'kuipana maola 24. Musathiremo supagulu, amauma ngati galasi osagwira mkati monse, ndipo mmisiri wodzakonza pambuyo amang'amba thabwa pomuchotsa.

Nyengo yathu nayo imavutitsa thabwa. Mu Okutobala mpweya umauma, thabwa limafota n'kung'aluka, nsonga za mafureti n'kuyamba kubaya m'mbali mwa khosi. M'dzinja thabwa limatupa, nsambo n'kukwera. Musaipachike pafupi ndi malata kapena pakhoma lowombedwa dzuwa. M'chilimwe ikani kasiponji konyowa, kofinyidwa bwino, m'kabokosi ka sopo koboola, n'kukasunga m'chikwama chimodzi ndi gitala.

Tsopano nyimbo ija. Musayambire pa gitala, yambirani pa amayi. Apempheni aimbe okha, popanda chida, inu mujambule pafoni kawiri kapena katatu. Munthu amene anamva nyimbo zaka 30 kawirikawiri amaiyambira pafupi ndi pamene ankaimvera. Mverani liwu limene nyimbo imatsikirapo n'kupuma kumapeto kwa ndime, mulisake pa nsambo mpaka mawu awiriwo agwirizane. Nthawi zambiri limenelo ndilo kiyi. Oimba a ku migodi ankakonda kugwira C, F ndi G basi, n'kumasuntha kapo, kopanira nsambo zonse pa fureti imodzi, kuti igwirizane ndi pakhosi pawo. Kapo yake inali pensulo kapena kamtengo komangidwa ndi mphira. Mukagwira C kapo ili pa fureti yachiwiri imamveka D, pa yachinayi E, pa yachisanu F, pa ya 7 G. Kapo ikakwera gitala imalira mowala ngati kalimba, ndipo kuwala kumeneko n'kumene anthu ambiri amakusowa osadziwa kuti akusowa chiyani. Ngati kunyumba kuli kaseti ya atate, musaikhulupirire kwambiri pa kiyi. Mabatire akafooka tepi imayenda pang'onopang'ono, mawu n'kutsika.

Chala chachikulu chiphunzire chokha sabata yathunthu. Gwirani C, chikodole nsambo yachisanu kenako yachinayi (kuwerenga kuyambira pa yopyapyala), mobwerezabwereza, mosathamanga, ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi. Pa G chiyende pa ya 6 ndi yachinayi. Pa F musavutike kutseka nsambo zonse ndi chala chimodzi, gwirani zinayi zopyapyala zokha, chachikulu chiyende pa yachinayi ndi yachitatu. Yesani kuzungulira kuwiri, C F C G ndi C F G F, amayi akuuzani kumene kukugwirizana ndi mawu. Sabata yachiwiri lowetsani chamkombaphala, chikodole nsambo yoyamba kapena yachiwiri pakati pa kugunda kwa chachikulu, osati nthawi imodzi nacho. Cholakwika chimene chimagwira aliyense n'chakuti chamkombaphala chikangolowa, chachikulu chimaima kudikira. Zikatero chepetsani liwiro ndi theka, mubwerere. Wina akugogodereni botolo, chifukwa botolo silidikira munthu. Mawu mulowetse pomalizira, zala zikayamba kuyenda muli kucheza ndi munthu.

Pali mafunso atatu oyenera kufunsa amayi ndi anzawo a atate amene akadalipo. Kodi pakhosi pa gitala ankamangapo kanthu? Kodi asanayambe nyimboyi ankapota chopotera china? Ambiri ankakweza kapena kutsitsa nsambo yonenepa kuti ilire yokha popanda kuigwira. Ndipo kodi ankaigoneka pamiyendo n'kumatsetsereka pa nsambo ndi botolo kapena mpeni? Kaimbidwe kameneko ankakatcha hauyani, kuchokera ku dzina la Hawaii, ndipo gitala yake imatchunidwa kuti nsambo zonse zikalira popanda kugwira zipereke kodi imodzi, mwachitsanzo D G D G B D. Ngati atate anali a hauyani, makodi a pafoni sangakufikitseni, ndipo nsambo zokwera zija mwina anazifuna okha.

Mboni ina ndi gitalayo. Ipendeketseni pa dzuwa la m'mawa muyang'ane khosi. Pamene zala zinkakhala zaka zonsezo thabwa limakumbika timaenje tosalala, ndipo mafureti amadyeka timipata pansi pa nsambo zimene zinkagwidwa kwambiri. Ngati timaenjeto tayambira pa fureti ya 6 mpaka ya 8 pamene kumutu kuli kosalala, kapo inkakhala pa yachisanu. Kumbuyo kwa khosi mungapezenso mzere pamene mphira inkadya vanishi. Jambulani zithunzi za malo onsewa musanaipereke kwa mmisiri, ndipo mumuuze kuti amate buliji, asinthe nsambo, koma khosi asalipale ndi sandipepala.