Moni Timapatsana, Koma Mnzanga Ndilibe

FUNSO: Ndinasamukira kudera lina miyezi 6 yapitayo. Anthu ndimapatsana nawo moni, koma palibe amene ndingamuuze zakukhosi. Ndiyambire pati?

YANKHO: Pepani, kusungulumwa pakati pa anthu kumawawa. Ubale umakula mukamaonana ndi anthu omwewo kawirikawiri. Lowani m'gulu limodzi la anthu 5 mpaka 8 lokumana sabata iliyonse, ndipo musajombe kwa miyezi 3. Gulu likakula kwambiri, amanyazi amangokhala duu.

Pocheza, foni ikhale m'thumba. Funsani funso loti munthu afotokoze, ndipo musamudule mawu. Akakuuzani kuti mwana wake akudwala, sabata yotsatira yambani ndi kufunsa kuti, "Mwana uja wadzuka bwanji?" Apa m'pamene amadziwa kuti munamumvetsera. Pemphaninso thandizo laling'ono, chifukwa anthu amamasuka ndi munthu amene anamuthandizapo.

Chimene chimawononga ndi changu. Mukakhuthula mavuto anu onse tsiku loyamba, mnzanuyo amalemedwa n'kuyamba kukuzembani. Za ena zimene mwauzidwa musazitulutse. Mukasemphana, musakambirane pa WhatsApp, poti mawu olembedwa saonetsa nkhope. Kumanani awiriwiri pasanathe masiku 2.