Kukula kwa Lilongwe ndi moyo wa anthu wamba

Achimwene, mwafunsa ngati kukula kwa mizinda motsatira malonda kukupindulitsa anthu wamba kapena kukuwasiya m'mbuyo pamodzi ndi miyambo yawo. Ndiyankha poyang'ana Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Malo akamagulitsidwa kwa amene wapereka ndalama zambiri, mlonda ndi mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Area 47 amakachita lendi ku Mtandire, kumene madzi amagula pa kiyosiki chidebe chimodzichimodzi, ndipo mabanja angapo amadalira chimbudzi chimodzi. Mipanda ya njerwa ikukwera, koma bwalo la masewera, msika ndi manda palibe wozisungira malo chifukwa sizibweretsa phindu. Mavenda anachotsedwa m'misewu mu 2006, komabe amabwerera, popeza ogula ali komweko.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi maliro. Kumudzi adzukulu amakumba manda, nyakwawa imalengeza zovuta, mudzi wonse n'kubwera ndi ufa ndi nkhuni. M'tauni bokosi, galimoto yonyamula thupi ndi chakudya cha olira zonse zimafuna ndalama, ndipo mwininyumba amafunabe lendi yake mwezi ukatha. Sindikunena kuti umodzi watha, ayi. Chipereganyu, banki m'khonde ndi magulu a amayi a kumpingo atenga udindo umene unali wa mwinimbumba. Koma magulu amenewa sangaike mapaipi kapena kumanga chipatala, choncho khonsolo ya mzinda iyenera kusunga malo a ntchito zimenezi isanayambe kugawa mapuloti.