Wotchi ya m'manja inandisiyitsa kuthamanga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a zamasewero kusekondale. Akuti ali ndi ana aliwiro ndithu, koma makina oyezera nthawi sangawakwanitse. Kodi vidiyo ya pafoni ingathandize? Aphunzitsi, mwandigunda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndi zanga.

Ndili fomu 3 ndinkathamanga mamita 100. Bwalo lathu linali lafumbi, mizere tinkalemba ndi phulusa lochokera kukhitchini, mnzathu wina ankaimba wezulo poyambira, aphunzitsi ataima kumapeto wotchi ili m'manja. Tsiku lina anakuwa kuti, "11.2!" Nambala imeneyo ndinailemba pachikuto cha kope la masamu. Amalume atamva anandigulira nsapato pakaunjika. Patapita miyezi ndinakathamanga koyamba komwe nthawi ankayeza ndi makina. Ndinadzipereka mpaka pachifuwa pakuwotcha, koma anandiuza kuti 11.9. M'minibasi pobwerera sindinayankhule ndi munthu. Ndinkaganiza kuti ndafooka, kapena kuti ndine wamantha pagulu. Chaka chomwecho ndinasiya.

Panapita zaka ndisanazindikire kuti miyendo yanga inalibe mlandu. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye wezulo woimbidwa poyambira amakafika m'khutu la munthu woima pa mamita 100 patadutsa pafupifupi 0.3 ya sekondi. N'chifukwa chake oyeza nthawi odziwa ntchito amayang'ana utsi wa mfuti yoyambitsira mpikisano, sadikira kulira kwake. Ngakhale iwowo chala chimachedwa, moti pa mamita 100 nthawi ya m'manja amaiwonjezera 0.24 kuti ifanane ndi ya makina. Phatikizani ziwirizi. Nanga bwalo lathu lija, lomwe tinaliyeza ndi mapazi, linalidi mamita 100? Nanga mphepo? Pamipikisano yeniyeni ikamakankha kumsana kuposa mamita 2.0 pa sekondi, nthawiyo sailemba ngati rekodi.

Aphunzitsi anga aja anali munthu wabwino, sanafune kundinamiza. Komabe ndikunena mosabisa: kuuza mwana nthawi ya wotchi ya m'manja ngati yoona n'kumulakwira. Mwana amamanga maloto pa nambala imeneyo. Ikadzagwa, amadziimba yekha mlandu, ndipo ambiri sabwereranso pabwalo.

Chimandipwetekanso n'chakuti nambala imodzi ya kumapeto sikuuza chilichonse cha momwe mwana wathamangira. Usain Bolt atathamanga 9.58 ku Berlin mu 2009, akatswiri anaugawa mpikisanowo zidutswazidutswa: anaponda pansi maulendo pafupifupi 41, ndipo liwiro lake linafika pachimake pakati pa mamita 60 ndi 80. Ana athu ambiri pofika pamenepo amakhala atayamba kale kulimbitsa mapewa, mutu utagwera kumbuyo. Ine ndinali wotero, ndipo palibe anandionetsa. Ndikanadziona ndekha kamodzi kokha pa vidiyo, ndikanadziwa choti ndikonze.

Nanga foniyo?

Ingathandize, ndipo imaposa wotchi kutali. Vidiyo ndi zithunzi zotsatizana. Foni ikamajambula zithunzi 30 pa sekondi, mwana wothamanga mamita 9 pa sekondi amasuntha masentimita 30 pakati pa chithunzi ndi chinzake. Mukaika pa slow motion ya zithunzi 240 pa sekondi, amasuntha osakwana masentimita 4. Ngati yanu imafika 120 kapena 60, yambani ndi imeneyo.

Musavutike ndi mamita 100 onse. Yezani mamita 30 ndi tepi, osati mapazi, ndipo mwana ayambire mamita 20 kumbuyo kuti alowe ali kale paliwiro. Foni ikhale chambali, moyang'anizana ndi pakati pa mamita 30 aja, patali ndithu kuti mizere yonse iwiri ioneke, ndipo isagwedezeke. Imangirireni pa mpando. Popeza mizereyo mukuionera chopendekera, imikani mwana pamzere uliwonse, muyang'ane mufoni, n'kuzika ndodo pomwe ikubisa chifuwa chake. Nthawi imawerengedwa pachifuwa, osati mutu kapena dzanja.

Kenako werengani zithunzi kuyambira ndodo yoyamba kufika yachiwiri, mugawe ndi 240 (kapena 120 kapena 60, malinga ndi foni yanu). Pa 240, zithunzi 840 ndi masekondi 3.5. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere ya Kinovea yoyendetsa vidiyo chithunzi chimodzichimodzi. Vidiyoyo isamutseni ndi chingwe, chifukwa WhatsApp imaifinya. Poyamba penipeni jambulani wotchi ikuyenda kwa masekondi 5 kuti mutsimikize kuti foni ikuperekadi zithunzi zomwe ikunena.

Bwerezani pakatha masabata anayi, bwalo lomwelo, nsapato zomwezo, m'mawa mphepo isanayambe. Mukamaliza musangomuwerengera mwanayo nambala. Mukhale naye pansi, mumupatse foni m'manja, adzione yekha akuthamanga.